Aganyu a Madzulo

Ndine mlonda ku Ginnery Corner.
Mabwana akapita, galu akadzipinda pansi pa lole,
ndimatulutsa buku langa m'jumbo,
lija linafufuma chikuto chaka chimene denga linadontha,
n'kuwerenga ndi tochi ya foni
mpaka batire italira.

Sabata yonse ndakhala pa fanizo limodzi.
Mwini munda alawirira kukalemba aganyu,
apitanso dzuwa litakwera, apitanso masana,
apitanso mithunzi itatalika,
ndipo madzulo onse alandira chimodzimodzi.
Lolemba ndinatseka buku mokwiya.
Lachiwiri ndinadula mzere ndi bolopeni yofiira
n'kulemba m'mphepete: chilungamo chili pati apa?
Ine wolowa sikisi, wotuluka sikisi,
zaka khumi ndi zitatu pageti lomweli,
ola ndimalidziwa kulemera kwake.

Lachinayi masana mlaga unakumana ku Zingwangwa,
pakhonde la a Likhutcha.
Tinalipo asanu ndi anayi, mipando inalipo inayi,
ena tinakhalira zigubu zodikira madzi.
A Likhutcha, mphunzitsi wopuma,
magalasi awo omanga ndi ulusi,
anatiyendetsa ndime ndi ndime ngati mayeso ali mawa.
Fulajensiyo wa ku koleji anafufuza pafoni
natiuza mtengo wa ndalama ya masiku amenewo.
Ine ndinaponya funso langa pakati
ngati mwala m'chidebe chopanda kanthu.

Anati ndi chisomo. Ndinati ndamva.
Anati Mulungu sawerengera ngati kalaliki. Ndinati ndamvanso,
koma msana wa amene anapsa ndi dzuwa uja nanga?

Mayi Namakhwa sadziwa kuwerenga.
Amabwera ndi buku lawo ndithu, lokulunga m'chitenje,
wina n'kuwatsegulira.
Anati, tabwerezani pamene paja,
pamene akuwafunsa chifukwa chimene angoimira.
Fulajensiyo anabwereza pang'onopang'ono.

Basi, anatero. Palibe anawalemba.
Wakuuzani ndani kuti anali alesi?
Ine ndimafika ku Sunnyside kusanache,
geti ili ndigogode, geti ilo agalu andiyankhe,
kufunsa zochapa, zokolopa, chilichonse.
Pena dzuwa limakafika pa Michiru
manja anga asanakhudze sopo.
Kuima tsiku lonse osaitanidwa n'kulima komwe, bambo,
kungoti mzere wake suoneka.
Ndipo alandilodi safunsa kuti wagwira maola angati.
Mimba ya mwana simva zoti unalembedwa mochedwa.

Mpopi unatsokomola kuseri, madzi anabwera,
koma palibe ananyamuka pachigubu chake.

A Likhutcha anavula magalasi.
Zaka zonsezi, anati, ndimeyi ndimaiwerengera
mkati mwa munda.
Sindinaimepo kunja kwa mpanda.

Tinapemphera mwachidule, ine nthawi inali itandithera.
Ndinatsika wapansi kudzera Chitawira,
maminibasi akulimbirana anthu pa Queens,
buku m'khwapa likulemera kuposa pobwera.

Usiku umenewo ndinawerenganso.
Funso langa sindinafute, ndi langa ndithu,
ndipo mbali ina ya mtima ikanang'ung'udzabe
pamodzi ndi olawirira aja.
Koma ndinaona chimene ndinkachilumpha:
mwini munda sanatume munthu kumsika,
anapita yekha, kasanu konse,
ngati kuti anthu oima aja ankamusowetsa mtendere.
Pansi pa inki yofiira ndinalemba ndi pensulo:
ine anandipeza ola liti?

Kutacha ndinatsegula geti.
Analipo kale, monga masiku onse,
anyamata a mafosholo, bambo wa jekete long'ambika pamkono,
kudikira lole imene mwina ifuna otsitsa simenti.
Zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikuwauza kuti asunthe.
Lero ndinafunsa wa jeketeyo dzina.
Anati ndine Mpinganjira,
n'kuyang'ana kumbuyo, kuyesa ndikulankhula ndi wina.